Ndabwera ndi Zosapsa

Lachinayi, folo koloko, ku Montevideo.
Mphepo ya kumtsinje ikugogoda mawindo a chipinda chachitatu,
mipando khumi ndi iwiri, umodzi wothyoka mwendo,
ndipo chikho cha mate, tiyi wathu wowawa uja,
chayamba kale ulendo wake dzanja ndi dzanja.
Ife odziwa mayina a tizilombo ta m'malovu
timayamwabe kapaipi kamodzi.

Lero ndi ine.
Pulojekita yakana kawiri, kachitatu yavomera,
pakhoma paoneka manyazi anga a miyezi isanu ndi inayi:
timadontho tobiriwira, timadontho tofiira,
mzere wokwera, wotsika, wokweranso
ngati chidakwa chofunafuna khomo la kwawo.

Ndikuti: awa ndi asilikali a m'magazi a ng'ombe.
Ndimawapatsa mabakiteriya otupitsa bere,
aja osandutsa mkaka mafinya,
n'kudikira kuti awameze.
Tsiku lina amameza ngati agona ndi njala sabata yonse.
Tsiku lina amangowayang'ana, maso tong'o,
ngati anthu osadziwana pa depoti.
Sindikudziwa chifukwa chake.
Mawu amenewa ndinawayeserera usiku pagalasi,
komabe atuluka ndi minga.

Facundo, wa mavairasi a mileme, sachedwa.
Wabwereza kangati?
Kasanu ndi kawiri.
Nanga mbale zoyerekezera?
Zilipo, chithunzi chotsatira.
Akugwedeza mutu, cholembera chake chikukanda pepala.
A Dokotala Bentancor ali kumbuyo, magalasi pamphumi.
Analonjeza kuti salankhula mpaka ana titatha,
ndipo ndikuona lonjezolo likuwayabwa pakhosi.

Wina akuti mwina ndi madzi odyetsera maselo.
Wina akuti utoto wanga unasukuluka.
Nahuel akusimba za chuku chimene chinamudyera chaka chathunthu,
tikuseka, poti kulira tinalira kale,
aliyense payekha, m'chipinda chozizira
momwe phokoso la firiji limabisa mawu.

Kenako Itatí.
Anafika mwezi wa Malichi, sanayankhulepo muno,
amatsuka mabotolo n'kumapepesa kwa aliyense.
Wakweza dzanja theka, ngati denga limuluma.
Akuti: pepani, mwina ndi funso lopusa.
Kwathu ku Tacuarembó bambo anga amakama ng'ombe.
Magaziwa mumawatenga nthawi yanji?
Zisanakamidwe, kapena zitakamidwa?
Chifukwa ng'ombe ya m'mawa ndi ng'ombe ya madzulo
si nyama imodzi.

Zii.
Chikho chaima m'manja mwa Nahuel.

Ndikutsegula kope langa long'ambika chikuto.
Masiku ndinalemba. Manambala a ng'ombe ndinalemba.
Kutentha kwa chipinda, dzina la wondithandiza,
ngakhale tsiku lija anathima magetsi.
Koma ola ayi.
Ola sindinalembe ndi kamodzi komwe.
Magazi amabwera ndi dalaivala wa mkaka
nthawi imene iye wafuna.

A Dokotala atsitsa magalasi.
Akuti: sitinganene kuti ndi chimenecho.
Akuti: koma ndikanakhala ine, sindikanagona.
Kenako akufunsa Itatí kuti kwawo kuli ng'ombe zingati.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ine ndadekha miyezi isanu ndi inayi,
diso pa maikulosikopu mpaka khosi kuuma gwa,
osadziwa kuti nkhonoyo ndimaiyang'ana kumbuyo.

Anthu akutuluka, mipando ikukwekwereza.
Sabata yamawa ndi Facundo ndi mileme yake;
ndamusungira mafunso awiri, limodzi lakuthwa.
Kunja kwada, basi yanga yandisiya.
Ndabwerera mu labotale,
ndatenga timabotolo makumi anayi topanda kanthu,
ndipo pa kalikonse, pansi pa malo olemba tsiku,
ndajambula kamzere kena kakang'ono
kodikira ola.

Mawa m'bandakucha ndikwera galimoto ya mkaka.
Itatí wati nsapato zangazi sizingathe matope a m'khola,
andibweretsera jombo za mchimwene wake.